Mpongozi wa pa Kanema

Ku Lifuwu konse kunalibe munthu wokonda sewero la Mpanda wa Bango kuposa mayi Kulusumu. Lamulungu lililonse masana, kaya mbalame zikudya mpunga kumunda, iwo ankayala mkeka patsogolo pa kanema, ndipo wobwera ndi nkhani nthawi imeneyo ankangodzivuta.

Akayamba kulitamanda, womvera ankafunika apeze pokhala. Ankati masewero akunja ndi a anthu olira atadzikongoletsa, okangana m'nyumba zosadziwika amene amasesa. Koma m'seweroli mkazi akamapeta amapetadi, mankhusu n'kumauluka. Mlendo amaodira asanalowe, ndipo ndewu imayambira pa zinthu zenizeni, monga kutsekerana madzi m'ngalande. "Anthu amene aja ndife," ankatero.

Chinanso chinali chakuti mwana wawo, Raisa, anali momwemo. Ankasewera ngati Esha, mtengwa wamwano wozunza apongozi ake. Ntchitoyo ankaitha mopitirira, moti ku Khombedza mayi wina anakana kukhala naye mpando umodzi m'minibasi. Mayi Kulusumu atamva anaseka mpaka kutuluka misozi.

Kusekako kunatha nkhani itafika pa ukwati. Raisa anali pachitomero ndi Hashim, mnyamata wogulitsa usipa, ndipo nikaha, ukwati wa Chisilamu, inkayembekezeka mpunga ukakololedwa. Koma ankhoswe anabwera ndi uthenga wowawa. Mayi ake a Hashim, a Karima, anali atanena kuti sangalandire mpongozi amene dziko lonse lamuona akutsekera nkhalamba panja mvula ikugwa. Asiye sewerolo, apo ayi za ukwati ziiwalike.

Raisa analira, nati asiya sewerolo. Mayi Kulusumu zinawapweteka kwambiri, pakuti Hashim ankamuona ngati mwana wawo, komabe anakana kwamtuwagalu zoti Raisa asiye. Anatumiza mawu kuti a Karima abwere Lamulungu adzaonere limodzi.

Anabweradi, nkhope ili ndwii. Raisa anawalonjera atagwada, anawathirira tiyi, kenako anakakhala kumapeto kwa mkeka. Sewero linayamba. Pa kanemapo Esha anali kutaya kuseri kwa nyumba phala la apongozi ake odwala.

"Subuhanallah!" anakuwa a Karima. "Sabata yatha anawabisira mankhwala, lero phala! Mtsikana ameneyu alibe umunthu."

"Kani mumaonera?" anafunsa mayi Kulusumu.

"Sindinaphonyepo ayi. Ndikudikira tsiku limene adzalangidwe."

"Ndiye mwaona nokha kukoma kwa seweroli. Lakupsetsani mtima inu, munthu wamkulu wodziwa mapemphero a swala, mpaka mwaiwala kuti amene mukumukalipirayo ndi amene wakuthirirani tiyi. Mwanayu ndinalera ndine. Mwano wonsewo ankayeserera pa ine m'khitchinimu, akamaliza n'kugwada kupepesa. Anthu akamamuda Esha, ine ndimadziwa kuti mwana wanga ntchito akuidziwa. Ndimanyada naye, mayi, ndipo sindingamubise."

A Karima anayang'ana kapu yawo, anayang'ana Raisa amene anali atazolika, kenako maso anabwerera okha pa kanema. Esha anali ataima ndi mbale yopanda kanthu, ngati munthu amene wadzidabwa yekha. Chitseko chinatseguka, mwamuna wake natulukira. Sewero linathera pompo.

"Aa, anthu awa!" anadandaula a Karima. Anatembenukira kwa Raisa, ukali wonse uja ataiwala. "Iwe, wamuona? Mwamunayo wamuona akutaya phala?"

"Pepani amayi, anatiletsa kuulula," anayankha Raisa motsitsa mawu.

"Ngakhale ine sandiuza," anatero mayi Kulusumu, akukonza mpango wawo mosafulumira. "Mwina amene azidzakhala naye khomo limodzi ndi amene azidzamva zinthu zisanatuluke."

A Karima anayesa kulimbitsa nkhope, koma zinakanika. Anaseka mpaka tiyi kutayikira pamkeka, nagwira dzanja la Raisa osalisiya. Mayi Kulusumu mtima unadzaza, analephera ngakhale kuimba nthungululu.

"Auzeni ankhoswe abwerenso," anatero a Karima. "Mpunga ukololedwe msanga, ndipo sewerolo asasiye. Koma mwana wanga, tigwirizane lero lomwe. Phala langa ndizidzaphika ndekha."