Manja a Tumpale

Tumpale Mwakipesile anafika ku labu yathu ku Dar es Salaam ndi udokotala wake watsopano komanso kontilakiti ya chaka chimodzi. Anamuuziratu kuti akatulutsa zotsatira zogwira mtima amulemba ntchito yokhazikika, akalephera khomo ndi lomwe analowera lija. Ine Siwema, amene onse amanditchula kuti Dada, kutanthauza achemwali m'Chiswahili, ndinali nditakalambira m'labumo, ndipo ndinali nditaona ambiri akubwera nkhope zili ngwee n'kuchoka atafota. Koma mwana uyu ndinamukonda. Pa ntchito yathu dzina la munthu lili m'manja mwake, ndipo manja aukhondo ngati ake sindinawaonepo.

Ankayeza timadontho ta magazi a ana a ku Kigoma, touma pa timapepala, kufuna kudziwa ngati tizilombo ta malungo tasintha chibadwa moti mankhwala akulephera kutipha. Makina a PCR amatenga kachidutswa ka DNA kosaoneka ndi maso n'kukachulukitsa mpaka kaoneke ngati mzere wowala pa chithunzi. Vuto lake makinawo sasankha. Kafumbi ka DNA ya dzulo kakagwera m'kachubu kako, nakonso amakachulukitsa mokondwera. N'chifukwa chake tili ndi zipinda ziwiri, choyera chosakaniziramo ndi chauve chotseguliramo zotuluka m'makina. Chimene chalowa m'chauve sichibwereranso m'choyera, kaya ndi jasi, golovesi, ngakhale cholembera. Ndiponso pakati pa machubu a magazi timaikapo kamodzi ka madzi okha. Kameneko kakawala, zonse wapezazo n'zabodza.

Tsiku lina kunabwera mabwana otipatsa thandizo ochokera ku Ulaya. Mkulu wa labu, Pulofesa Mrutu, amene anasiya kugwira paipeti, kachipangizo kathu kotapira timadzi, ine ndisanakwatiwe, anavala jasi loyera pamwamba pa suti. Wojambula zithunzi anadandaula kuti m'chipinda chauve muli mdima. Apo bwana wathu anangonyamula thireyi ya machubu m'menemo, hii, n'kulowa nayo m'chipinda choyera momwe muli zenera lalikulu. Anatenga paipeti ya Tumpale, kutsegula kachubu, kutapa, kuthira, kutapanso, mano ali pamtunda kumwetulira kamera.

"Pulofesa, pepani," anatero Tumpale chapansipansi, "machubu amenewo achokera uko."

"Dokotala," anayankha osamuyang'ana n'komwe, "alendo athu sanamwe tiyi. Takaonani ngati masambusa afika."

Alendo atachoka tinapukuta chipinda chonse ndi jiki mpaka maso kulira misozi. Tinkaganiza kuti tathana nazo. Koma DNA si matope oti uwaone pomwe atsalira.

Patapita masiku, Tumpale anabwera kwa ine akuthamanga, chithunzi chili m'manja. Mizere inali itawala pa magazi a ana ambiri, ndipo kachubu ka madzi kanali bii, monga kayenera kukhalira.

"Dada, taonani! Ndikulota kapena?"

"Bwereza kaye, mwanawe. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi."

"Aaa, inunso Dada, chilichonse mwambi. Ndingowaonetsa a Pulofesa basi, ndibwereza mawa."

Anawaonetsadi. Dzuwa lisanalowe Pulofesa anali ataimbira kale foni ku Ulaya, atalonjeza kukalengeza nkhaniyi ku msonkhano waukulu wa ku Arusha. Anayamba kumutchula Tumpale kuti "mwana wanga", mpaka kumugulira chipisi cha mazira pa nkhomaliro, munthu woti sanagulirepo aliyense ngakhale ndazi limodzi.

Pobwereza, kachubu ka madzi kanawala. Tumpale anaphwasula paipeti yake, kuitsuka m'kati, kutaya mankhwala onse osakanizira n'kutsegula atsopano. Atayezanso, madzi anada, koma mizere ija nayonso inazimiririka. Tizilombo ta ku Kigoma tinali tisanasinthe chilichonse. Zimene ankaona poyamba zija zinali zotsalira za m'thireyi ya tsiku la alendo ija. Kwa ana a ku Kigoma imeneyi inali nkhani yabwino, koma ku labu kwathu palibe amene analembedwapo ntchito chifukwa chopeza kuti zinthu zili bwino.

Anandipempha kuti ndimuperekeze ku ofesi. Pulofesa anayang'ana zithunzi zonse zitatu nthawi yaitali, kenako anaphimba ndi chala mzere wa madzi pa chithunzi chachiwiri.

"Mwana wanga, chithunzi choyamba n'chabwino. Chachiwirichi chikungofunika kudula m'mphepetemu. Chachitatu mankhwala anali ofooka, zimachitika."

"Sanali ofooka, Pulofesa. Ndinawayesa."

"Ukudziwa kuti thandizo la chaka chamawa likudalira ku Arusha? Anthu onse ali m'nyumba muno, mpaka mlonda wa pageti, adya chiyani?"

"Boma likamva zimenezi likhoza kusintha mankhwala a ana popanda chifukwa. Sindingadule."

"Ndiye uvewo unalowa bwanji m'chipinda chako?"

Tumpale anangoyang'ana pansi. Kwawo ku Tukuyu anamulera bwino mopitirira muyeso. Ine kwathu ndi ku Tandika, sanandilere choncho.

"Unalowa ndi inu, Pulofesa, tsiku la alendo lija. Tonse tinaona."

Anaseka mokoma, ngati ndanena nthabwala ya pa ukwati. "Dada Siwema, machubu aja anali a madzi. Ukuganiza kuti ine, zaka zonsezi, sindidziwa chipinda choyera?"

Amati mutu ukakula sulewa nkhonya. Amene ananena mawu amenewa sanagwirepo ntchito m'labu.

Ku Arusha Pulofesa anapitabe, ndipo apa ndi pomwe ndinagoma naye, ngakhale ndimadana naye mpaka lero. Sanadule chithunzi ayi. Anachionetsa chonse, mzere wa madzi uli ngwee, n'kuuza anthu kuti wasayansi weniweni amavomereza zinthu zikalakwika. Anafotokoza kuti m'labu mwake muli wofufuza wachinyamata, wanzeru ndithu koma wopupuluma, amene anadetsa chipinda choyera, ndipo iye monga mkulu anazitulukira nthawi isanathe. Dzina sanatchule. Panalibe chifukwa chotchulira, pakona pa chithunzipo panali zilembo za Tumpale, ndipo anthu ofufuza malungo m'dziko muno tikhoza kukwana m'basi imodzi. Anamuombera m'manja ataimirira. Mabwana aja anakhudzidwa kwambiri moti anamupatsa thandizo lina loti aziphunzitsa achinyamata ukhondo wa m'labu.

Ndinakauza wachiwiri kwa Pulofesa zoona zake. Anandiyankha kuti kontilakiti yanga nayonso ikutha mu Juni, ndipo ndili ndi ana kusukulu. Ndinalankhulanso pa msonkhano wa antchito, anzanga onse maso ali pa matebulo ngati pagwa singano. Mtima unandiwawa tsiku limenelo kuposa tsiku la ku ofesi lija, chifukwa onsewo analipo pojambula.

Kontilakiti ya Tumpale sanaiwonjezere. Anafunsira ntchito ku Morogoro, ku Mwanza, ku Moshi. Kulikonse ankamulandira bwino, kumupatsa tiyi, kenako wina n'kufunsa mwaulemu ngati ndi iye uja wa ku labu ya Mrutu. Atatopa anabwerera ku Mbeya, kufupi ndi kwawo, komwe akuphunzitsa sayansi pa sekondale ina ya atsikana. Ndinamuimbira foni pa Khirisimasi.

"Ndili bwino, Dada, musadandaule. Ana anga akudziwa kujambula selo mokongola."

"Bwerera, mwanawe. Anthu amaiwala."

"Akaiwala mudzandiuze," anatero, n'kuyamba kufunsa za ana anga.

Maphunziro a ukhondo aja akuchitikabe chaka ndi chaka, ndipo chithunzi cha Tumpale chija ndicho chimatsegulira phunziro loyamba. Ine ndimapeza chochita kwina nthawi imeneyo.

Mwezi watha ndinali m'chipinda chauve pamene Mwajabu, mtsikana wa digiri yachiwiri amene wangoyamba kumene, anabwera ndi chithunzi chake, nkhope ili yakugwa.

"Dada Siwema, ndithandizeni. Madzi anga achita Tumpale."

"Achita chiyani?"

"Achita Tumpale. Awala." Anandiyang'ana modabwa, ngati ine ndiye mlendo m'labumo. "Si mmene mumanenera kuno? Aliyense amatero."

Ndinamufunsa ngati akudziwa kuti Tumpale ndi ndani.

"Kodi ndi munthu?" anafunsa.