Kachipinda Kachikasu

Fomu ya msonkho ikangofika, bamboyu ankasanduka munthu wina. Ntchito yake inali yokonza mafiriji, koma tsiku limenelo, ha! magalasi pamphuno, cholembera kukhutu, kutsokomola kwake kwa mu ofesi. Fomuyo inali ya mkazi wake, telala wosokera panyumba. Wopanda bwana amadziwerengera yekha msonkho, ndiye poti manambala ankawamwetsa mutu mayiwo, mwamuna ndiye ankalemba.

"Akalaliki, mwafika pati?" mkaziyo anafunsa momuseka, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Ulusi ndalemba, singano ndalemba. Dikirani kaye, apa pali nkhani." Anawerenga kawiri, chala chili pamzere. Fomuyo inkati ngati m'nyumba muli malo amene ndi a ntchito basi, osati china chilichonse, muwayeze, mulembe kukula kwake, msonkho utsika. "Mayi, tatola nkhwangwa ndi mpini womwe! Bweretsani tepiyo."

Anathamangira m'kachipinda kosokeramo, mkaziyo akutsatira pang'onopang'ono. Anamugwiritsa nsonga ya tepi pakhomo, iye n'kugwada, kumakoka motsata khoma uku akuimba mluzu. Tepi inakakodwa pa mwendo wa kabedi, mluzu n'kuthera pomwepo.

Koma amuna inu, kuiwala kwake kotani kumeneku! Khoma lachikasuli anapenta ndi iye yemwe, mkazi wake ali woyembekezera. Kabedi ka mwanako anakagula ndi iye, n'kubwera nako atasenza pamutu, anthu akumuseka mumsewu. Mimbayo inapita padera, yachiwiri chimodzimodzi. Makina osokera analowa m'menemo mongoyembekezera, nsalu za makasitomala zinaunjikana pa kabedi mpaka kubisika, ndipo nkhaniyo sankaikambanso. Tsopano kulemba kuti chipinda chonse n'cha ntchito basi kunali kuvomera, ndi siginecha pansi, kuti mwana sadzagonamo.

Anachita manyazi, mtima unamupweteka. Anakhala chogwada, osatha kutembenuka.

"Yezani chonse, bambo," mkaziyo anatero. "Zaka zapita. Kabediko tipatse mng'ono wanu, kwawo kukubwera wina."

Bamboyo anatembenuka. Mkazi wake anali atagwirabe nsonga ya tepi ndi manja onse awiri, maso ali pa khoma. Ankamudziwa bwino mkazi ameneyu: akamanena zochokera pansi pa mtima amakuyang'ana m'maso.

"Tasiyani tepiyo," anatero.

Anaikulunga, n'kukwawira pa makina. Anayeza tebulo la makinawo, m'litali ndi m'lifupi, anawonjezera pamene pamakhala mpando. Anatenga fomu ija, n'kulemba kanambala kochepa, kochititsa chisoni.

"Akalaliki inu, basi komweko? Nanga msonkho utsika ndi chiyani?"

"Usatsike. Boma lafunsa malo a ntchito, ndalipatsa malo a ntchito." Anavula magalasi, n'kuwapukuta pa malaya nthawi yaitali, ngakhale anali oyera kale. "Kwinaku kuli mwini wake. Wangochedwa."

Mkaziyo anafuna kuseka, koma misozi inamutsogolera. Anaipukuta ndi kansalu kotsala, anamukankha mwamuna wake paphewa kuti apatuke, n'kuyamba kuchotsa nsalu za makasitomala pa kabedi kaja, imodziimodzi, akuzipinda bwinobwino n'kumazisanja pa tebulo la makina.