Kachingwe ka Gerevazio

Ku Kaphuka kunalibe munthu wodziwa kumanga ngati Gerevazio. Akamanga nkhokwe, makoswe ankangoizungulira n'kubwerera ndi njala yawo. Akamanga mtolo wa nkhuni, mkazi wake Ndapeza ankachita kufuna mpeni kuti aumasule. Manja ake sankadziwa kukhala chete. Ngakhale pocheza ndi amuna anzake ankakhala akupota luzi pantchafu, mutu uli pansi, nkhani zikumudutsa. Anali mkamwini m'mudzimo, wofatsa mpaka kukwiyitsa, ndipo Ndapeza ankamukonda ndi kufatsa kwakeko.

Chaka chimene azibambo a ku mishoni anamubatiza n'kumupatsa dzina lopinda lilimeli, Ndapeza anali ndi pakati poyamba. Miyezi inakwana, mwezi wina unaoneka mpaka kufa, koma mwana osabwera. Nyengo ya chisanu inafika, nkhungu ikutsika m'phiri m'mawa uliwonse, Ndapeza akuyenda atagwira msana, mapazi atatupa. Mkulu wake anamwalira ndi mimba yopitirira chonchi, ndipo m'mudzimo aliyense ankakumbukira koma osatchula. Gerevazio ankaopa kwambiri. Ankati akamuyang'ana mkazi wake akuseka, mtima unkamupweteka.

Azamba a m'mudzimo anali a Nankhoma, mayi wamfupi wa fodya wa m'mphuno, amene pakamwa pawo panalibe chitseko. Anayamba ndi zofewa. Anamudyetsa Ndapeza thelere m'mawa ndi madzulo kuti njira iterere. Anamukweza chitunda kupita kuchitsime n'kumutsitsanso, anamupatsa munsi kuti asinje mphale mpaka thukuta. Zitakanika, anakwera okha m'phiri kukakumba muzu wa mwanamphepo, mankhwala aukali amene ngakhale iwo ankawagwira mwaulemu. Anausinja, n'kuthira madzi ake pang'ono m'phala. Mimba inawawa ndithu, amayi anayamba kuyala mphasa, kenaka ululu uja unangozilala ngati moto wa mapesi.

M'mawa mwake a Nankhoma anamuitanira Gerevazio kuseri kwa nyumba.

"Akamwini, khalani pansi. Mundiuze zoona. Simunalowepo m'nyumba ya mkazi wina?"

"Ine amayi? Ndi Mulungu yemwe, ine..."

"Basi, basi, musalire. Ndimangofunsa poti mwambo umatero. Munthu wosadzutsa mutu ngati inu, mkazi wina mungamuone nthawi yanji?"

Anafwenkha fodya, ndipo maso awo anagwera pa manja a Gerevazio. Mwamunayo, chifukwa cha mantha, anali atatola kale kaluzi pansi n'kumangapo mfundo.

"Taonani manjawo! Mayo ine! Mkazi ali ndi pakati, inu kutangwanika ndi kumanga mfundo? Mwanayo atulukira pati mutamumangira njira? Pa mwambo wa chisamba paja sanakulangizeni?"

Anamulangiza ndithu. Koma iye ankayesa kuti anamkungwi akunena za mfundo ya pansalu ya mkazi, osati ntchito ya manja a mwamuna. Miyezi yonseyi iye ankamanga usana wonse, ndipo ankamanga molimbika kuposa kale poti ankakonzekera mwana.

"Chilichonse chimene mwamanga chitengereni mimbayi, kamasuleni," anatero a Nankhoma. "Musasiyeko."

Anthu a ku Kaphuka sanaiwale tsiku limenelo. Gerevazio anayamba ndi mitolo ya nkhuni, n'kupita kumpanda wa udzu, mpanda uja n'kugona pansi. Anamasula chitseko cha khola, mbuzi n'kuthamangira kudimba la apongozi ake kukadya nyemba. Anakwera pankhokwe yatsopano, imene anthu ankachita kuima panjira kuti aione, n'kumasula denga. Atafika pa luzi la m'munsi, nkhokwe inayasama, chimanga chonse n'kukhuthukira pabwalo. Nkhuku za mudzi wonse zinabwera ku phwando osaitanidwa.

Amuna anzake ankaseka mpaka kugwira nthiti, koma iye sankamva. Ndapeza anali atakhala pakhonde, miyendo atatambasula, akuseka uku misozi ikutsika.

"A Phiri, nyumbayi yokha muisiye," anatero kwa mwamuna wake. "Mwana wanuyo adzagona pamtetete?"

"Nyumbayi ndinamanga musanaime, Nambewe. Ilibe mlandu."

Dzuwa litafika pamutu, ululu unabweranso, ndipo ulendo uno unabwera ndi mphamvu. Amayi anamutengera Ndapeza m'nyumba ya mayi ake, amuna onse n'kuuzidwa kuti atalikire. Gerevazio anakakhala pa chimanga chake chomwazikacho, pamene ankatha kuona chitseko. Anadikira. Mthunzi wa nyumba unayamba kutalika. Amayi ankatuluka kukatunga madzi n'kulowanso osamuyang'ana, ndipo kusamuyang'anako kunamuopsa kuposa kubuula kwa mkazi wake.

Kenaka a Nankhoma anatuluka. Nthabwala zinali zitawathera, thukuta lili chuchuchu ngakhale kunkazizira.

"Mwana akufika pakhomo n'kubwerera, ndipo mayi wake akutopa. Pali chimene mwasiya."

"Palibe amayi. Ngakhale lamba wam'chiuno ndamasula."

"Nanga icho?"

Analoza pakhosi pake. Pansi pa nsalu panali kachingwe ka thonje, kofewa, kodzaza ndi timfundo. Inali korona yake yopempherera. Ku mishoni mikanda inali yosakwanira obatizidwa onse, choncho Gerevazio anapota yekha kachingweko, n'kumanga mfundo imodzi pa pemphero lililonse. Mwa zonse zimene anamangapo, chimenechi ndicho ankachinyadira mumtima, ndipo sankachivula.

"Awa ndi mapemphero, amayi," anatero. "Si mfundo wamba."

"Ine sindinati musiye kupemphera, mwana wanga. Ndati masulani."

Anabwerera m'nyumba muja mothamanga. Gerevazio anavula kachingweko n'kukayang'ana m'manja. Sankadziwa ngati kumasula korona ndi tchimo, ndipo panalibe womufunsa, poti ku mishoni kunali kutali, kuseri kwa mapiri. Ankaopa Mulungu amene anangomudziwa kumene, ankaopanso manda a mlamu wake aja. M'nyumba muja Ndapeza anakuwa, mawu osakhala ngati ake. Gerevazio anagwada pa chimanga paja.

Anagwira mfundo yoyamba, n'kunena Tikuoneni Maria monga ankachitira masiku onse, ndipo pomaliza pempherolo anaimasula. Anagwira yachiwiri. Apa ndi pamene anadana ndi luso lake, chifukwa mfundo za Gerevazio sizinkamasuka ndi zala zokha. Analimbana nazo ndi zikhadabo mpaka magazi, kenaka ndi mano, pemphero likutuluka m'mbali mwa kamwa. Amuna amene ankaseka m'mawa aja anaima patali. Iye anapitiriza, mfundo ndi pemphero, mfundo ndi pemphero, osadziwanso kuti zatsala zingati. Pena mawu a pempherolo ankamusokonekera n'kungotsala dzina la mkazi wake.

Sanadziwe kuti wamaliza liti. Anangoona kuti m'manja mwake muli kachingwe kowongoka, konyowa ndi malovu, ndipo m'nyumba muja mwangoti zii. Kenaka kunamveka kamawu kakang'ono, kaukali, ngati ka mwana wa mbuzi, ndipo amayi anaimba nthungululu.

A Nankhoma anatuluka akupukuta manja, akuyenda mofulumira.

"Ndi wamkazi, ndipo pakamwa watengera ine. Bweretsani kachingweko. Luzi likumukhakhalira, tikufuna chofewa chomangira mchombo."

"Kumanganso, amayi?"

"Tsopano mangani mpaka mutope. Koma mfundo iyi yokha ndimanga ndine."

Anapereka ndi manja awiri. A Nankhoma anakaviika m'madzi otentha amene mayi wina ankalowa nawo, n'kutseka chitseko. Apo m'pamene Gerevazio anazindikira kuti anena za mwana yekha. Za mayi wake sananenepo kanthu, ndipo iye sanalimbe mtima kufunsa. Anatsala chogwada, manja ali opanda kanthu, akuyang'ana chitseko chija. Mwana ankalira, amayi ankalankhula motsitsa, koma mawu amene iye ankawafuna sankamveka. Mphepo yozizira inatsika m'phiri n'kumulowa m'mafupa.

Ndiye kudzera m'ming'alu ya chitseko munatuluka mawu otopa, osasa, koma ake enieni a Ndapeza.

"Amayi, kawauzeni a Phiri adzuke pamenepo. Amange nkhokweyo nkhuku zisanatimalizire chimanga."

Gerevazio anati aseke, koma chimene chinatuluka ndi kulira. Analira mokweza, pamaso pa amuna anzake onse, akufwanthula pansi kufunafuna luzi.