Dzanja la a Mawotchi

Moni kwa inu amene mwatsegula tsamba lino. Tiyamike Mulungu amene watisunga mpaka takumana pano. Khalani pansi ndikusimbireni za dzanja la bambo wina.

Anthu ankawatchula a Mawotchi, chifukwa kwa zaka makumi atatu ankakhala pa kathebulo pakhonde la sitolo, kagalasi kali padiso, akukonza mawotchi. Lamulungu ankaimba ng'oma m'kwaya. Kenako dzanja lawo lamanzere linayamba kunjenjemera. Linagwetsa tizitsulo ta m'wotchi, linatayira tiyi pamalaya, ndipo tsiku lina linagwedeza buku la nyimbo mpaka ana a pabenchi lakutsogolo anaseka. Kuyambira pamenepo dzanjalo linasamukira m'thumba la jekete. Kutchalitchi analekako, ndipo alendo akati odi, iwo ankazembera kuchipinda.

Mwana wawo wamkazi, mphunzitsi, ndiye anatengera ng'oma, koma iye ankaimba yekhayekha. Anali ndi kabokosi kodinda ndi phazi. Ukadinda kamajambula zimene ukuimba, ukadindanso kamazibwereza mosalekeza, iwe n'kumasanjika zina pamwamba pake. Loweruka lina masana anayala zida zake pabalaza: ng'oma ziwiri, beseni lozondotsa, mulu wa makiyi akale, sipika ndi maikolofoni.

"Ababa, tandigwirireniko ng'omayi, ikugubuduka."

"Gulu lako lili kuti, mwanawe? Oimba anzako ndi beseni?"

"Beseni silichedwa ku pulakatisi, Ababa. Silinyanyalanso."

A Mawotchi anaseka chamumtima, napanira ng'oma pakati pa mawondo. Inaterereka. Dzanja lija linatuluka lokha m'thumba kuti liiwakhe, n'kutsamira pachikopa. Iwo sankadziwa kuti mwanayo anali atadinda kale kabokosi.

Atadindanso, sipika inayamba kulankhula: phapha-phapha-phapha, ngati timadontho ta mvula pa lata.

"Chimenecho n'chiyani? Mwalowa mbewa?"

Mwanayo anangoyang'ana pachikopa pamene panali zala zawo. Pamenepo a Mawotchi anazindikira. Chinthu chimene anachibisa zaka zitatu chinali chitadzaza balaza lonse, chikupita n'kubwereranso, chosatopa.

"Fufuta."

"Pepani Ababa, sindinachitire dala."

"Ndati fufuta! Ukufuna msewu wonse umve?"

Mwanayo anatukula phazi. "Ndikadinda kawiri, chapita."

Koma khutu la mmisiri silipuma pantchito. Ngakhale mtima unali ukuwawa, khutu linali litayamba kale kuwerenga. A Mawotchi anakweza dzanja lamanja.

"Taima kaye."

Anayang'ana wotchi ya pakhoma, milomo ikugwedera. Kugunda kusanu pa sekondi iliyonse. Anawerenganso. Kusanu. Anadikira muvi uzungulire, ndipo kunali kusanu komweko.

"Sichikuthamanga," anatero motsitsa mawu. "Sichikutsaliranso. Wotchi yoyenda chonchi ndikanaibweza kwa mwini wake osaitsegula n'komwe."

Anakumbukira munthu wa dzanja lopuwala uja, amene Ambuye anamuimiritsa pakati pa anthu. Nthawi zonse akamamva nkhaniyo ankathamangira pa kuchira. Lero lokha anaona kuti munthuyo anayamba watambasula dzanjalo likadali lopuwala, maso onse ali pa iye.

Anakokera ng'oma pafupi. Dzanja lamanja linagwa pakati pa chikopa, du, du-du, likuponda pamwamba pa timadontho tija. Mwanayo anadinda, kabokosi kanalandira. Anawonjeza makiyi, kenako beseni, ndipo anthu awiri anamveka ngati asanu.

"Wachedwa kudinda. Mverera, pakubwerera pali kampata, nyimboyi ikutsimphina."

"Sindinachedwe, Ababa."

"Ukutsutsana ndi wokonza mawotchi? Bwereza. Nanga ukulira kapena ukuimba? Sankhapo chimodzi."

Mwanayo anapukuta maso ndi mkono, akuseka, nabwereza. Ulendo uno zinalumikizana bwinobwino. Pansi pa zonsezo dzanja lamanzere linkanjenjemerabe pachikopa. Silinachire ayi, koma palibe amene analibweza m'thumba.

Ali mkati moimba, chitseko chinagogodedwa. Anali mayi a nyumba yoyandikana, amenenso ankaimba m'kwaya.

"Odi kuno! Kwaya yonse yasamukira m'nyumba muno osatiuza?"

Mwanayo anadzuka msanga kuti bambo ake apeze mpata wolowera kuchipinda.

"Khala pansi, iwe. Ndikatsegula ndine."

Anatsegula chitseko, napereka moni ndi manja onse awiri. Mayiwo anagwira lonjenjemeralo, nalifumbatira m'zikhatho zawo, osalisiya msanga.

"Achimwene, mwatisowa."

"Lowani, achemwali. Pali beseni likusowa mwini."

Inu amene mwawerenga, Ambuye akudalitseni ndi kukusungani. Akugwireni dzanja, lolimba ndi lofooka lomwe, ndipo mtendere wake ukhale pakhomo panu.