Mano Osema a Mayi Anastazia

Mano oyambawo ndinawapanga ndine, ndisanamizire mzungu. Munali mu 1976, ndikugwira ntchito youmba mano oikirira m'kachipinda kapansi ku Scarborough, m'dziko la Canada. Dokotala anatumiza chikombole cha m'kamwa mwa mayi Anastazia, a ku Dedza, amene anawazula mano anayi akutsogolo atawola. Mwana wawo Mercy, nesi, anandiimbira foni yekha.

"Achimwene, muwapange oyera, olunjika bwino. Zosemasema zija ayi. Kuno anthu amawayang'anitsitsa m'basi."

Mayiwo anasemedwa mano ali namwali, osongoka ngati a chipeso, monga ankachitira atsikana akwawo kale. Ine ndinavomera msangamsanga. Nanenso zinkandichititsa manyazi, ndisabise.

Patapita miyezi itatu mayiwo anatsika masitepe athu okha, chipale chofewa chili mbuu pamapewa. Anachotsa manowo nkuwaika patebulo panga.

"Mwanangu, awa ndi a munthu wina. Abambo akunyumba sakundidziwa."

Amuna awo, a Yotamu, anali m'nyumba yosungira okalamba ku Mississauga, mutu utasokonekera. Mayina a ana anali ataiwala, koma akazi awo ankawazindikira akangomwetulira. Chiikireni mano anga aja ankawatcha "anesi", nkumafunsa kuti Anastazia abwera liti. Mayi atayesa kupita osavala manowo, a Yotamu anakuwa ndi mantha. Mayi ankakwera mabasi atatu tsiku lililonse kukawadyetsa phala, nkumadzimvera okha amuna awo akufunsa za iwo.

Kalanga ine! Ndinachita kusowa poyang'ana.

Chithunzi cha mano awo akale mayi analibe. Anatsegula pakamwa nkundisonyeza mano awiri osema amene anatsala m'mbali, ndipo ndinatsanzira amenewo poumba ena atsopano. Ndinasema ndi tupa pang'onopang'ono, iwo akundiwongolera ndi chala: "Apa chepetsani. Linali lopendekeka ili." Ndinasakaniza utoto wachikasu kuti afanane ndi anzawo, nkujambula kamng'alu pa limodzi. Abwana anga achizungu anaima kumbuyo nkunena kuti ndikuwononga ntchito yabwino. Ndinangopitiriza ntchito, nanga akanamva chiyani?

Loweruka ndinawaperekeza mayi kwa amuna awo, atavala mano osemawo. A Yotamu anali atagona chagada, owonda zomvetsa chisoni. Mayi anawerama nkumwetulira.

Maso a mkuluyo anakhazikika pakamwapo nthawi yaitali. Kenako anatchula dzina.

"Anastazia."

"Ndine, abambo."

"Munali kuti? Miyezi yonseyi mwandisiya m'dziko la eni, kumadyetsedwa ndi munthu wachilendo. Ndinakulakwirani chiyani?"

"Abambo, ndinali ine amene..."

"Bodza! Mkazi wanga ndingamusowe ine?"

Anatembenukira kukhoma. Mayi anatenga supuni, iwo anakana kutsegula pakamwa. Tsiku lotsatira anakananso. Anamwino akabwera ankadya bwinobwino, koma phala la m'manja mwa mayi ayi.

Anamwalira Lachinayi, akuwadziwa bwino lomwe akazi awo, osawayankhulanso.