Twente Sikisitini

Mwana ankangotuluka dovu, osalira, ndipo kusalirako n'kumene kunkawaopsa mayi ake. Anali atameza kabatire kooneka ngati batani, ka m'makina oyezera shuga a agogo ake. Mayiwo anangomuponya kumbuyo n'kuliyatsa liwiro la kuchipatala, tsitsi lili mbali imodzi yoluka.

Dokotala anali mayi wamfupi, wosataya nthawi ndi moni.

"Ku ekisileyi kuli mzere, makina enawo anafa. Timabatire timeneti n'tosiyana. Kakang'ono kamatha kudutsa, koma kakakulu kamakakamira kum'mero n'kuyamba kuotcha. Ngati kunyumba kwatsala kanzake, wina atiwerengere nambala."

Kunyumba kunali apongozi awo aamuna okha, agogo ake a mwanayo, ndipo vuto linali pomwepo. Chimwalirireni akazi awo, bambowo mutu unkangobwerera m'mbuyo. Nkhani iliyonse, kaya ya mvula kaya ya mpira, inkakathera ku 2016, chaka cha malirowo. Pakhomo onse anali atatopa nacho chaka chimenecho.

Mayiwo anaimba foni.

"Bambo, paketi ya mabatire ili pamwamba pa firiji. Mundiwerengere zimene zalembedwa pa kotsalako."

Kunamveka mpando ukukhululuka, kenako kusakasaka magalasi, mwachifatse ngati palibe chikuchitika.

"Twente sikisitini, mwanangu."

Mayiwo anatsinzina. Lero lomwe, ndithu?

"Bambo, chonde, za amayi tikamba ndikabwera. Ndikufuna nambala."

"Ndati twente sikisitini."

"Sindikufunsa chaka ine! Mwana akufa kuno!"

Anthu a pabenchi anacheuka onse. Anali asanawakwezerepo mawu apongozi awo chikwatiwireni, koma manyazi analibe nawo nthawi. Anadula foni.

"Asokonezeka," anauza dokotala. "Sangatithandize."

Basi anawatumiza kumzere wa ekisileyi, kuseri kwa anyamata awiri othyoka miyendo ndi gogo wina wachifuwa. Foni inalira, anaisiya. Inaliranso, anaikankhira m'chikwama. Mwana anayamba kudzikanda pakhosi, ndipo dovu lija linabwera lofiirira. Italira kachitatu anaiyankha ndi ukali, chala n'kugunda pa sipika mosadziwa.

"Mwanangu, kukalamba ndakalamba, koma kuwerenga sindinaiwale." Mawu a bambowo anali okhumudwa, ofatsa kuposa kale. "Kapena ndinene kuti thuu sauzande sikisitini?"

"Bambo, mukundichedwetsa!"

"Chabwino, ndinena imodziimodzi ngati nambala ya foni. Si. Ara. Thuu. Ziro. Wani. Sikisi."

Namwino amene ankadutsa ndi thireyi anaima chilili.

"Akuwerenga batire amenewo? Ndi limene wameza mwanayu?"

"Eya, koma iwowa amasokoneza ndi chaka cha..."

"Mayi, si chaka chimenecho, ndi dzina la batirelo. Twente yoyambayo ndi kukula kwake. N'kakakulu kaja!"

Thireyi anaisiya pabenchi, n'kumasula mwanayo kumsana kwa mayi ake osapempha, uku akukuwira dokotala. Anthu a pamzere anapatuka okha. Chitseko cha kuthiyeta chinatseguka n'kutsekeka, ndipo mayiwo anawauza kuti adikire panja.

Anatsala ali chiimire, nsalu yoberekera ili m'manja, ikadali yofunda. Foni anali asanadule.

"Mwamva tsopano, mwanangu?"

"Ndamva, bambo. Pepani."

"Zisiyeni zimenezo. Kodi madokotalawo amva nthawi ikadalipo?"

Mayiwo anayang'ana chitseko chija, chili chitsekere, n'kukhala pabenchi kudikira.