Mochi ya Bambo pa Chaka Chatsopano

Tinapangana pafoni kuti pa Chaka Chatsopano tidzadya cha m'ma 11 koloko, kadzutsa ndi nkhomaliro kamodzi, chifukwa chidwalire sitiroko mu Epulo, Bambo amadzuka mochedwa. Ine Fumie ndi amene ndimakhala nawo kuno ku Nagaoka, ku Japan. Achimwene anga, a Tetsuo, anafika mmawa womwewo pa sitima yochokera ku Tokyo ndi akazi awo, a Sanae, chipale chofewa chili mbuu pamapewa.

Ndinali kukhitchini ndikudula nsomba ya mu supu pamene Achimwene anaika patebulo phukusi la mochi, chakudya cha mpunga wosinja chimene timadya pa Chaka Chatsopano.

"Mochi. Ya mpunga wa chaka chino, yosinja dzulo."

"Mudya inu ndi alamu," ndinatero. "Bambo ndawadulira tofu, chofewa chija cha soya."

"Tofu? Pa Chaka Chatsopano? Iwe mutu ukuyenda bwino?"

"Adokotala analetsa. Mochi imanata, Achimwene. Ikakakamira pammero, basi kwatha."

"Adokotala amaletsa zonse. Mawa adzaletsa ndi madzi omwe."

"Madziwo amatsamwa nawo kale. Mukanamabwera bwenzi mukudziwa."

Alamu anafunsa chapansipansi kuti nyemba zakuda aike m'mbale iti.

"Mukunong'onezana za ine?"

Anali Bambo, ataima pakhomo ndi ndodo yawo, atavala kale malaya a chikondwerero, batani limodzi atamanga molakwika.

"Fumie, zaka zanga ndi 81. Sindinayambepo chaka popanda mochi. Chaka chimene anamwalira amayi anu ndinadya. Lero ndidya."

"Bambo..."

"Sindikupempha."

Ndinayang'ana Achimwene. Anali akumwetulira. Ndinatenga mpeni n'kudula kachidutswa kakang'ono ngati chikhadabo, n'kukawiritsa mpaka kufeweratu. Kenaka ndinawakokera Achimwenewo pakona.

"Mukhale kumanzere kwawo. Akatsamwa, muwaweramitse, muwamenye pakati pa mapewa, mwamphamvu, kasanu. Zikakanika muwagwire chakumbuyo, chibakera pamwamba pa mchombo, mukokere m'mwamba. Alamu, foni ikhale m'manja. Ndi chipale chimenechi ambulansi siifika msanga."

"Ukufuna kungondiopseza."

"Mwezi watha ndinachita zimenezi ndekha, pansi pomwe mwapondapo. Kanali kachidutswa ka apozi."

Kumwetulira kuja kunatha.

Tinakhala patebulo. Tinafunirana mafuno abwino a chaka, mawu akutuluka ouma. Bambo anayamba ndi kumwa supu pang'ono monga ndinawaphunzitsira. Kenaka anatenga timitengo todyera. Kamochi kanawapulumuka kawiri. Achimwene anatambasula mkono kuti athandize, Bambo n'kuwayang'ana kamodzi kokha, mkonowo unabwerera.

Kachitatu kanalowa m'kamwa.

Palibe anakhudza mbale yake. M'nyumba munkangomveka ketulo ikuwira pa mbaula. Ndinkawerenga chamumtima mmene ankatafunira. Khumi. Makumi awiri. Pa makumi atatu ndinaona pakhosi pawo pakukwera, n'kuima.

Anatsokomola.

Achimwene anadzambatuka, tiyi n'kutayikira patebulo ponse. Alamu anali atadina kale manambala awiri. Koma Bambo anakweza dzanja. Nkhope itafiira, maso ali misozi, anatenga kapepala kopukutira pakamwa, n'kulavuliramo. Anakapinda bwinobwino, kawiri, n'kukaika pambali pa mbale.

"Siikutsika," anatero.

Kenaka anatembenukira kwa Achimwene.

"Koma ndi yabwino, Tetsuo. Mpunga wake ukumveka. Wagula kuti?"

 Achimwene anati akachotse chipale pakhomo, n'kutuluka osavala ndi jekete lomwe. Pazenera ndinkawaona ataima ndi fosholo m'manja, osakumba.

"Kamuitaneni, supu ikuzizira," Bambo anawauza alamu. "Mwana ameneyu ndi wamantha chibadwire. Anatengera amalume ake."

Tinamaliza kudya cha m'ma 1 koloko. Ndikutsuka mbale, Achimwene anabwera n'kutenga nsalu yopukutira. Anapukuta mbale imodzi kwa nthawi yaitali.

"Kuchipatala apitanso liti?"

"Lachisanu."

"Tikiti ndasintha. Ndiwaperekeza ndine. Iwe udzagone."

"Mudzawakumbutse adokotala za mwendo wamanzere. Okha sanena."

"Dikira," anatero, akupukuta manja. "Ndilembe."